Njinga Yoopa Ngalande

"Ndikufunsani kachitatu tsopano. Munakweza ndani panjinga dzulo?"

Jebamani anafunsa ataima pakhomo la kukhitchini, chipande chili m'manja. Amuna ake, abusa Arulappan, anali pakhonde akupukuta nsapato zawo zakuda, zomwe anachita kupatsidwa ndi mphunzitsi wina wa mumpingo, mwini wake atazivala kale zaka ziwiri.

"Wamva kale, n'chifukwa chake ukufunsa," anayankha abusa osadzutsa mutu. "Ndinakweza mayi Sornam."

"Sornam wa kutsidya kwa ngalande?"

"Tili ndi Sornam wina mumpingo muno?"

"Musandiyankhe ngati muli paguwa. Ndiye mwa misewu yonse ya m'mudzi muno munasankha kudutsa naye pasitolo ya a Ponraj, dzuwa lili paliwombo, iye atakugwirani paphewa?"

"Msewu wa kuchipatala ndi umodzi, Jeba. Munthu anadzitema phazi ndi chikwakwa akumweta udzu wa ng'ombe, magazi ali chuchuchu. Paja amadwalanso shuga. Ndikanatani? Ndimupempherere n'kumusiya m'munda momwemo?"

"Mukanaitana ana ake."

"Ana ake anali koumba njerwa. Amaweruka dzuwa litalowa."

"Bambo a Kirubai, nyumba ya mwini saotchera mbewa. Njinga imeneyi si yanu. Mapepala ake ali m'kabati mwa a Ponraj, ndipo dzina lolembedwa kutsogoloko si lanu. Mmawa uno ndapita kukatunga madzi, azimayi onse akumtunda ali duu, ngati ndalowa ndi maliro. Mayi Thangam, akazi a a Ponraj, andifunsa ngati sopo tili naye wokwanira kutsukira mpando wa njinga."

"Ndiye wayankha chiyani?"

"Ndaseka. Mumafuna ndiyankhe chiyani? Chidebe chimene ndinanyamulacho anatipatsa ndi iwowo."

Apa Jebamani sananame. M'nyumba ya abusa munalibe chinthu chogula okha. Mipando inayi ya pulasitiki inachokera ku bungwe la amayi, bedi linali la malemu ena ake, ndipo kokonati, mafuta ophikira ndi nkhuni zinkabwera monga mmene mitima ya anthu yagundira sabata imeneyo. Koma mfumu ya mphatso zonse inali kanjinga kamoto kobiriwira, ka mtundu wa sikuta, kamene kanali ka mwana wamkazi wa a Ponraj asanakwatiwe kutauni. A Ponraj, mkulu wa mpingo komanso mwini sitolo ndi chigayo cha mpunga, anakapereka Lamulungu lina pamaso pa anthu onse, atakaveka nkhata ya maluwa, wojambula zithunzi ali pomwepo. Kiyi anapereka, mapepala anati asunga okha kuopa chiswe.

Njinga imeneyi ndiyo inali miyendo ya banja lonse. Abusa ankatumikira mipingo itatu yotalikirana, ndipo Lamulungu ankakwera onse atatu: iwo kutsogolo, mwana wawo Kirubai pakati, Jebamani kumbuyo atakhala chammbali, ng'oma yaing'ono ili pamiyendo. Lachinayi Jebamani ankaiyendetsa yekha popita kumsika. Mmawa uliwonse inkatula Kirubai kusukulu, ndipo mayeso ake omaliza anali atatsala milungu itatu.

"Mwanayu akalemba mayeso kutauni," Jebamani anapitiriza. "Basi ya kuno mukuidziwa, imabwera ikafuna. Akatilanda njinga, mumubereka kumsana?"

"Palibe watilanda kanthu."

"Chakudza sichiimba ng'oma. Ine ndanena."

Kuno ku Manalvilai ngalande yopititsa madzi kuminda ndi yopapatiza, mbuzi imailumpha osathamanga. Koma wobadwira kutsidya kwake ndi wa kutsidya mpaka kumanda. Makolo a anthu amenewo ndi amene ankasenda ng'ombe zakufa, kukumba manda ndi kuimba ng'oma pamaliro a anthu akumtunda. Anabatizidwa kalekale pamodzi ndi ena onse, ndipo nyimbo amazidziwa kuposa oimba kwaya, koma m'tchalitchi amakhala pamphasa kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, n'chifukwa chake palibe amene angalifufute.

Lamulungu linafika. Mwambo wathu ndi wakuti mayi aliyense akayeza mpunga woti aphike, amatapapo dzanja limodzi n'kuika m'kathumba padera. Amatero mmawa ndi madzulo, sabata yonse, ndipo Lamulungu amakhuthulira m'thumba lalikulu limene limakhala pakhomo la tchalitchi. Umenewo ndi mpunga wa dzanja, ndipo ndi umene abusa ndi banja lawo amadya. Wosunga thumbalo ndi amayi busa.

Tsiku limenelo Jebamani anapeza pambali pa thumba pali chitini chatsopano chonyezimira, cha chivundikiro. Mayi Thangam, akazi a a Ponraj, anaima pomwepo atavala sari, nsalu yaitali yozikulunga nayo thupi lonse, ya silika.

"Amayi busa, takugulirani ichi," anatero mokweza kuti onse amve. "Mpunga wathu wakumtunda uzilowa umu. Ujeni wa boma umene anzathu amalandira pakhadi la thandizo umabwera ndi anankafumbwe, ukuwononga wabwino. Iwo azithira m'thumbamo monga kale. Si tsankho ayi, ndi ukhondo chabe."

Jebamani anayang'ana chitini, anayang'ana azimayi akutsidya amene anaima chapatali ndi timatumba tawo. Kenako anayang'ana njinga imene inali pamthunzi wa mtengo wa mango.

"Zikomo, amayi. Mulungu abwezere pamene mwachotsa," anatero.

Mapemphero atatha, a Ponraj anaitanira abusa pambali, koma pafupi mokwanira kuti Jebamani amve. Anali munthu wa mawu ofewa, wokonda kugwira mnzake pamkono polankhula.

"Abusa, ulaliki wa lero wandikhudza. Ine mumandidziwa, sindisankha munthu. Pamaso pa Mulungu tonse ndife fumbi."

"Ndi zoona, Ayya," anayankha abusa, powatchula monga mmene timalemekezera akuluakulu kuno.

"Koma kanjinga kaja, mwana wanga akabwera pa Khirisimasi amakakwerabe. Apongozi ake ndi anthu ovuta. Akamva kuti pampando pomwepo pamakhala aliyense, ine ndiyankha chiyani? Ndiye ndimati, kutsidyako kasamawoloke, ndipo akutsidya asamakwere. Kwina konse yendani mmene mungafunire, mafuta ndizithira ndine."

"Munthuyo amataya magazi, Ayya."

"Munachita bwino, munachita bwino kwambiri. Zinatha zimenezo. Koma kutsidya ndi pafupi, abusa. Ngakhale Ambuye wathu ankayenda wapansi."

Anaseka okha, n'kuwasisita abusa pamkono. Abusa sanaseke. Anatembenuka kuyang'ana mkazi wawo, ndipo Jebamani anawatong'olera maso mowachonderera. Abusa anaweramitsa mutu n'kutsanzika.

Kunyumba mkangano unayambiranso mpunga usanapse.

"Mapanga awiri avumbwitsa, Jeba," anatero abusa. "Sindingalalikire mpingo umodzi ndili ndi matumba awiri pakhomo."

"Lalikirani mpingo umodzi, matumba ndisunga ndine. Kodi akufunsani kuti musiye kupita kutsidya? Ayi. Angoti muzisiya njinga pamlatho. Mapazi muli nawo."

"Nanga anthu aja akaona aziti chiyani?"

"Aziti chiyani chimene sananenepo? Anabadwira momwemo, anazolowera. Ife ndi amene tili pachiswe. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, munavomera nokha ubusa wodya za m'manja mwa anthu. Pirirani milungu itatu yokha, mwana alembe mayeso. Zikatero mudzakwere nayo ngakhale padenga la a Ponraj."

Abusa anayang'ana pansi. Anali munthu woopa phokoso la m'nyumba kuposa la kunja.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Milungu itatu."

Lachitatu lililonse madzulo kumakhala mapemphero a m'nyumba kutsidya. Sabata imeneyo abusa anaimika njinga pansi pa mtengo wa bwemba, tsidya lino la kamlatho, n'kuwoloka wapansi, Baibulo lili kukhwapa. Mudzi wonse unaona. Anabwera kunyumba nkhope itagwa.

"Akufunsa ngati njinga yathu imaopa madzi," anauza mkazi wawo. "Wina akuti mwina sinabatizidwe. Aseka onse, nane ndaseka nawo ngati chitsiru."

"Aseka, basi zatha."

"Mayi Sornam sanaseke. Adokotala anati azipita kukatsukitsa bala masiku atatu aliwonse. Andifunsa ngati ndingawatenge mawa."

"Ndiye mwati chiyani?"

"Ndati akwere basi."

Onse awiri ankadziwa kuti kuchokera kutsidya kukafika pokwerera basi ndi ulendo wa ola lathunthu kwa munthu wa mapazi abwino. Jebamani anangopitiriza kudula anyezi. Mumtima anamva kakuluma, koma anakauza kuti kadikire mayeso athe.

Chitini chija chinagwira ntchito yake. Azimayi akumtunda, poona kuti mpunga wawo tsopano ukuoneka pawokha, anayamba kupikisana, manja awo anakula mwadzidzidzi. Chitini chinkadzaza ndi mpunga woyera, wautali, wonunkhira. Tinene zoona, Jebamani anaukonda. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akupeta mpunga wosakaniza, kutola timiyala mpaka maso kuwawa. Tsopano ankangotsuka kamodzi n'kuteleka. Thumba la akutsidya linakhala kukhonde la kuseri, lodzaza mpunga wa boma woswekasweka, wa fungo la m'nkhokwe. Sabata yoyamba analisiya. Sabata yachiwiri anatapamo pang'ono n'kumwazira nkhuku. Pofika sabata yachitatu dzanja linali litazolowera.

Linali Lachinayi mmawa, mayeso atatsala masiku anayi. Abusa anali atatula Kirubai kusukulu ndipo anali m'nyumba akulemba ulaliki. Jebamani anali kuseri, lichero lili m'manja, akuitana nkhuku zake zisanu ndi ziwiri.

"Odi, amayi busa."

Anatembenuka. Pampanda wa kuseri, pamene akutsidya amaima akabwera kunyumba za kumtunda, panali mayi Sornam. Anali mayi wamtali, wa imvi, wowonda ngati mtengo umene anatsamira. Phazi lake lamanzere linali lokulungidwa m'chigamba cha sari yakale. M'dzanja lina ananyamula kathumba.

"Mayi Sornam! Mwayenda bwanji ndi phazi limenelo?"

"Pang'onopang'ono. Ndanyamuka kusanatenthe. Malamulungu awiri sindinabwere, ndiye mpunga wa Mulungu unachuluka m'nyumba. Ndinaopa kuti adzukulu akalira njala ndingaukhudze."

Ananena zimenezi maso ali pansi, pamene nkhuku zinali kujompha. Kenako anayang'ana thumba lotsegula, n'kuyang'ana lichero. Jebamani analakalaka nthaka itang'ambika.

"Ndi wogwera pansi uwu," anatero. "Ndimasesa..."

"Musavutike, amayi busa. Mpunga wathu ndimaudziwa, uli ndi kachizindikiro kakuda kumutu." Sornam anaseka pang'ono, kuseka kopanda mkwiyo. "Zanenepa bwino nkhuku zanu. Ndiye kuti sukupita pachabe."

"Mayi Sornam, si mmene mukuganizira."

"Ine sindiganiza kanthu. Kungoti mpongozi wanga amandikalipira. Amati, amayi, dzanja lanu ndi lalikulu ngati fosholo, mukatapa kamodzi mwana mmodzi wagona ndi theka la mimba. Ine ndimati, khala chete, abusa athu nawonso ali ndi mwana, kupatsa n'kuika. Amayi anga ankatapa, agogo anga ankatapa. Chaka cha chilala chija tinkatapa ndi zala zitatu, koma tinkatapa." Anatambasula kathumba kaja pamwamba pa mpanda. "Landirani. Kapena ndingowathirira ndekha, ndikupeputseni ntchito?"

Jebamani sanathe kutambasula dzanja. Apa m'pamene mphepo inatembenuka, ndipo anamva fungo. Silinali la nkhuku.

"Phazilo munapita nalo liti kuchipatala?"

"Tsiku lomwe lija abusa ananditenga."

"Milungu itatu yapitayo? Masulani ndione."

"Si zoona amayi busa zimenezi."

"Lowani mukhale apa. Masulani!"

Sornam analowa monyinyirika n'kukhala pamwala wochapira. Chigamba chitachoka, Jebamani anagwira pakamwa. Phazi linali litatupa mpaka m'kakolo, ndipo zala ziwiri zinali zakuda bii ngati makala.

"Silikupwetekanso," anatero Sornam. "Ndiye kuti likupola."

Jebamani anathamangira m'nyumba. "Bambo a Kirubai, tulukani muone. Mutengereni munthuyu kuchipatala pompano."

Abusa anatuluka, anaona, nkhope yawo inasintha. Komabe anaima pomwepo, kiyi ali m'thumba la malaya.

"Mayeso ndi Lolemba, Jeba," anatero motsitsa mawu. "Unanena wekha. Ndipite ndikafune galimoto ya hayala kumsika, mwina pofika masana..."

"Zengerezu analinda kwawukwawu. Talinda milungu itatu, onani chimene talindira."

"A Ponraj ali pasitolo nthawi ino."

"Ndikudziwa pamene ali. Bweretsani kiyi. Ndinatseka njirayi ndine, ndikatsegula ndine."

Anapisa yekha dzanja m'thumba la amuna ake. Anakokera njinga kuseri, namanga mpendero wa sari yake m'chiuno. Sornam anakana kawiri.

"Amayi busa, mudziputira mavuto. Ife tinamva kuti njingayi inaletsedwa."

"Kwerani. Gwirani m'chiuno mwangamu, osati chitsulo. Gwirani zolimba, ine sindiyendetsa mwaulemu ngati abusa."

Anadutsa msewu wa kumtunda wonse. Pasitolo a Ponraj anali pampando wawo wa ndalema, kapu ya tiyi ili m'manja, ndi amuna ena atatu. Kapu inaima panjira yopita kukamwa. Jebamani sanawonjezere liwiro ndipo sanachepetse. Analiza hutala kamodzi chifukwa panali galu pamsewu.

Kuchipatala cha kutauni anadikira pabenchi mpaka masana. Dokotala wake anali mtsikana wa magalasi, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Zala ziwirizi zafa, tidula lero. Phazi tiyesetsa kulipulumutsa. Munali kuti masiku onsewa? Akanabwera sabata yatha bwenzi tikungotsuka. Inu ndi ndani wawo?"

Anafunsa zimenezi akuyang'ana Jebamani.

"Ndi amayi busa athu," anayankha Sornam ali pamachira. "Ndi amene andibweretsa. Musawakalipire."

Mawu amenewo anamupweteka Jebamani kuposa kukalipa kwa dokotala. Anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi, kulira kwenikweni kwa mamina.

Uthenga unafika mmawa wa Lachisanu, pafoni ya abusa. A Ponraj anati njinga ikufunika kuonedwa ndi makaniko, aibweretse kunyumba kwawo isanakwane naini, pamodzi ndi kiyi.

"Ndipita ndikawapepese," anatero abusa akuvala malaya. "Mwina atibwereka mpaka mayeso athe."

"Mukapepese chiyani? Zala za Sornam?"

"Nanga Kirubai?"

Kirubai anali pakhomo, mabuku ali pachifuwa. Nkhani yonse anali ataimva. "Ndidzadzuka mmamawa ndikadikire basi yoyamba," anatero. "Anzanga akutsidya amatero chaka chonse, ndipo masamu amandiposa."

Jebamani anamuyang'ana mwana wake. Kenako anapita kuseri. Anayala chinsalu chachikulu pansi, nakhuthulirapo chitini chonse cha mpunga woyera. Anakoka thumba la akutsidya n'kukhuthulira pamwamba pake. Anathiranso kathumba ka Sornam kamene kanatsala pamwala wochapira. Anagwada n'kuyamba kusakaniza ndi manja onse awiri, mpaka m'zigongono.

"Jeba, ukuchita chiyani?"

"Ndikukonza njinga. Gwirani chitinichi ndithire."

Anadzaza chitini ndi mpunga wosakaniza, wotsala anabwezera m'thumba. Chitini anachiika popondera mapazi panjinga. Sanailize. Anaikankha ndi manja msewu wonse wa kumtunda, abusa akutsatira pambuyo, azimayi akusuzumira m'mazenera.

A Ponraj anawalandira pabwalo la nyumba yawo ya nsanjika, akumwetulira monga mwa masiku onse. Mayi Thangam anali pamasitepe, ndipo pambali pawo panali kale ndowa ya madzi ndi sopo.

"Amayi busa, mwavutikiranji kukankha? Ndi ya makaniko chabe, masiku ochepa."

"Ayya, tisanamizane, tonse ndife akuluakulu. Njinga ilibe vuto. Dzulo inathamanga bwino, munaiona nokha. Nayi kiyi wanu."

Kumwetulira kunachepa. "Ine ndinapempha kanthu kamodzi kokha. Mwana wa munthu ukamupatsa dzanja asamafune mkono. Zaka zinayi mwayenda panjinga yanga, mafuta anga."

"Ndi zoona, ndipo tinathokoza paguwa, pachithunzi, ndi paliponse pamene munafuna. Lero ndikuthokozanso. Koma Sornam amudula zala ziwiri dzulo madzulo, chifukwa njinga yanu imaopa ngalande. Mlandu umenewo si wanu nokha. Waukulu ndi wanga, chifukwa ndine ndinawagwira abusa miyendo."

"Zala zake zikutikhudza bwanji ife?" analowerera mayi Thangam. "Tinamutema ndife? Ndipo chitinicho mwabweretseranji?"

"Ndi chanu. Ndabweza ndi mpunga wanu womwe."

Jebamani anatsitsa chitini n'kuchotsa chivundikiro. Mayi Thangam anasuzumira, ndipo anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

"Mwasakaniza!"

"Wanu uli momwemo, sunachoke ngakhale njere imodzi. Tengani lichero musankhe."

"Mukutinyoza pakhomo pathu? Ndani angadye zimenezi?"

"Ife, amayi. Tadya zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi." Jebamani anagwira dzanja lamanja la amuna ake n'kulikweza m'mwamba, abusa ali kakasi. "Dzanja ili mukuliona? Mnofu wake ndi mpunga wa Sornam. Magazi ake ndi mpunga wa Sornam. Ndi lomweli limene limakuikani mkate wa mgonero m'kamwa mwezi uliwonse, ndi lomweli linadalitsa ukwati wa mwana wanu. Mpando wa njinga mutsuka ndi sopo, chabwino. Nanga zimene munameza kale mutsuka ndi chiyani?"

Wantchito amene ankaanika kokonati anaima, chikwanje chili m'manja. A Ponraj anayang'ana abusa.

"Abusa, mukumulola mkazi wanu kulankhula chonchi?"

Abusa anatsitsa dzanja lawo pang'onopang'ono.

"Walalikira zimene ine ndinaopa kulalikira, Ayya. Lamulungu pakhomo padzakhala thumba limodzi."

"Ndiye mudzadya thumba limodzilo," anatero a Ponraj, n'kutola kiyi.

Asanatuluke n'komwe pageti anamva madzi akukhuthulidwa pampando wa njinga.

Lamulungu mabenchi anayi akutsogolo anali opanda munthu. Mabanja ena akumtunda anabwera, koma timatumba tawo tinali topepuka, ndipo ena anaiwala dala kunyumba. Mafuta ophikira sanabwere, kokonati sanabwere. Akutsidya anabwera onse monga mwa masiku onse, ndipo ngakhale mabenchi anali mbee, anakakhala pamphasa pawo pafupi ndi chitseko. Abusa anawaitana kawiri kuti asendere kutsogolo. Anangoyang'anana, palibe anasuntha. Zinthu za zaka mazana sizitha ndi Lamulungu limodzi. Jebamani ananyamuka pampando wa amayi busa, natenga ng'oma yake n'kukakhala nawo pamphasa.

Potuluka, mpongozi wa Sornam anamupatsa kathumba.

"Amayi atumiza uthenga kuchokera kuchipatala. Akuti ngakhale iwo kulibe ndizitapabe, ndipo ndizitapa ndi dzanja lawo, osati langa laumbombo."

Jebamani anakhuthulira m'thumba. Mpunga wonse wa tsikulo sunafike ngakhale theka la pamene unkafika kale. Anamanga kukamwa kwa thumba, n'kuuza Kirubai kuti apite nalo kunyumba akawerenge, popeza mawa adzadzuka nkhuku zisanatsike.

Mpingo wachiwiri unali kudikira, ulendo wa maola awiri wapansi, dzuwa litakwera kale. Abusa anayang'ana pamthunzi wa mango pamene njinga inkaima, kenako anayang'ana nsapato zawo zopatsidwa zija.

"Tidzere msewu waukulu?" anafunsa.

"Wa kutsidya ndi wachidule," anayankha Jebamani akusenza ng'oma pamutu. "Tiyeni. Ife ngalande sitiiopa."